Dziwe Losauma Kumunsi kwa Paipi

Chikwangwani chinali chachitsulo, chopakidwa utoto woyera, ndipo chinkaima pamene kanjira ka anthu kamatsikira kukhwawa, kumunsi kwa malo amene tinkayeretserako madzi a suweji a tauni yathu. Chinali ndi mawu a Chishona ndi a Chingerezi oletsa kusamba, kuchapa ndi kutunga. Tsiku lina m'mawa ndinapeza mizati yokha. Ena ankati chapita kwa ogula zitsulo, ena ankati chasanduka chitseko cha khola la nkhuku. Ndinalemba kalata yopempha china. Ndinalembanso yachiwiri, kenako yachitatu, ndipo makope a makalata atatuwo ndikadali nawo m'bokosi langa lachitsulo, pamodzi ndi yankho limodzi lokha limene ndinalandira, la mizere iwiri, lonena kuti nkhaniyo aimva. Kumva anamvadi. Chikwangwani sichinabwere.

Ntchito yanga inali yotunga madzi okayeza ndi kulemba m'buku. Anthu akamva kuti umagwira ku suweji amasuntha pang'ono pabenchi, ngakhale kutchalitchi, koma ine sindinachitepo nayo manyazi. Bambo anga anathera mapapo awo pansi pa nthaka mumgodi wa ku Jumbo, ndipo ankati mwana wawo akapeza ntchito yoona dzuwa, kaya inunkhe bwanji, iwo adzapuma bwino. Zonyansa zonse za m'tauni zinkabwera ndi paipi imodzi yaikulu. Poyamba zinkadutsa pa zitsulo zosefa, pamene anzanga ankakokolapo nsanza ndi mapepala apulasitiki. Kenako zinkagwera m'dzenje lakonkire, ndipo mapampu awiri ankazikankhira kumtunda, kumadamu anayi. Damu loyamba linali lakuda ngati phula, lachiwiri lotuwa, lachitatu lobiriwira, ndipo lachinayi linali ndi achule ndi abakha a m'tchire. Madzi ankatenga masabata kuti ayende kuchokera loyamba kufika lomaliza, dzuwa ndi ndere zikugwira ntchito yawo, kenako ankatsikira m'kamtsinje. Sanali madzi akumwa, ndipo sindinauzepo munthu kuti ndi akumwa. Koma anali madzi amene lamulo linkalola kuti abwerere kumtsinje, ndipo mboni yake ndinali ine.

Lolemba lililonse ndinkatunga mabotolo atatu, monga lamulo linkanenera. Loyamba kumtunda, kumene madzi athu safika, kuti tidziwe mmene mtsinje ulili pawokha. Lachiwiri pakamwa penipeni pa paipi. Lachitatu kumunsi, padziwe lalikulu la m'munsi mwa thanthwe, pafupi ndi pamene panali chikwangwani chija. Mabotolowo ankapita ku Harare m'bokosi la ayezi kukayezedwa, ndipo zotsatira zake zinkabwera papepala. Fomu iliyonse inali ya masamba atatu, kaboni ali pakati: loyera la akuluakulu oyang'anira mitsinje, lachikasu la ku ofesi, lapinki lotsala m'buku. Kuwonjezera apo ndinali ndi makope anga a ana asukulu, m'mene ndinkalembamo mtundu wa madzi, fungo lake, ndi kuzama kwake monga ndodo yanga ya mizere inkasonyezera. Palibe anandituma zimenezo. Ndinangoona kuti mapepala a ku ofesi amasowa, ndipo akasowa mlandu umagwera wamng'ono.

Akazi anga ankaliseka bokosi lija. "Abambo, nyumba ino ikadzapsa mudzayamba kutulutsa mapepala, ine ndidzadzionera ndekha."

"Inu muli ndi miyendo, Mayi. Bokosi lilibe."

Kenako zinafika zaka zija magetsi ankapita m'mawa osatsanzika n'kubwera pamene afunira. Mapampu akaima, dzenje lija linkadzaza. Amene anamanga malowo anaikako paipi yapambali, yoti zikatero zonyansa zisefukire kumtsinje osadutsa m'madamu, kuopa kuti zingabwerere m'nyumba za anthu. Anaiika poganiza za ola limodzi kapena awiri, mwa apo ndi apo. Kwa ife inayamba kuthira masiku athunthu. Jenereta inalipo, yopakidwa utoto bwinobwino, koma dizilo kunalibe.

Lamulo linali lomveka: zonyansa zikatayikira mumtsinje, lembani fomu tsiku lomwelo. Ine ndinkalemba. Kapitawo wathu anali munthu wofatsa, wamng'ono kwa ine ndi zaka zambiri, wokulira ku Wadzanai. Mafomuwo ankawalandira ndi manja awiri n'kuwaika m'dirowa.

"Mudhara," ankatero, monga a kuno amatchulira munthu wachikulire, "inu mukalemba, iwo atumiza chilango. Chilangocho chiyatsa pampu?"

"Ntchito yanga si kuyatsa pampu. Ntchito yanga ndi kunena zimene zalowa mumtsinje."

"Ndiye mwanena. Dirowa yamva."

Mabotolo nawonso anasiya kupita ku Harare. Galimoto inalibe mafuta, ndipo furiji yopanda magetsi siumitsa ayezi. Kapitawo anandipempha kuti pa fomu ya mwezi ndizikopera manambala a chaka chatha, kuti mizere isakhale yopanda kanthu. Ndinakana, ndipo mpaka lero sindimvetsa kuti munthu wopita kusukulu angapemphe bwanji zoterozo. Madzi a chaka chatha anafika kale ku Zambezi. Ndikanawalemba bwanji ngati a lero? Pamzere uliwonse ndinkalemba liwu limodzi: sanayezedwe.

Chimene chinanditsalira ndi njira yakale imene anandionetsa mkulu amene anandiphunzitsa ntchito. Umatenga timibulu ta mankhwala aja achibakuwa amene kuchipatala amatsukira zilonda za kumapazi, n'kusungunula m'madzi oyera, n'kudonthetsera pang'ono m'botolo. Madzi akakhala abwinoko, mtunduwo umakhala, ngati duwa la jakaranda. Akakhala odzaza zonyansa, umazilala n'kusanduka ngati tiyi wothira madzi kawiri. Si labotale ayi, ndipo m'kope ndinkalemba kuti si labotale.

Mwana wathu womaliza ndi wamkazi. Panthawiyo anali atamaliza kosi, akugwira ntchito ya ukalaliki, ndipo ankachita lendi chipinda m'dera lina la m'tauni lotchedwa Aerodrome. Chichewa amamva chonse, koma poyankha amayamba m'Chichewa n'kutsirizira m'Chishona, monga ana ambiri obadwira kuno. Anakulira mumpingo wathu, umene makolo athu anabwera nawo kuchokera kumudzi, wa nyimbo za m'buku ndi mabenchi olimba. Kenako analowa mpingo wina watsopano wosonkhana m'kalasi ya pasukulu, wa zokuzira mawu ndi kuomba m'manja. Zimenezo ndinazimeza. Koma tsiku lina anabwera kunyumba, anagwada bwinobwino monga anamuphunzitsira amayi ake, nati akufuna kubatizidwa, kumizidwa thupi lonse.

Ndinalowa kuchipinda, ndinatsegula bokosi, ndinatulutsa khadi lake la ubatizo, la pamene anali khanda, lokhala ndi chidindo ndi dzanja la mbusa amene anamwalira kalekale. Ndinaliika patebulo mwamphamvu kuposa mmene ndinkafunira.

"Werenga. Unabatizidwa kale. Ine ndinalipo, ndinakunyamula ndekha. Kapena ukuti madzi aja anali abodza?"

"Baba, ine sindikukumbukira."

"Pepala likukumbukira."

Anayang'ana khadilo osaligwira. Anatsanzika amayi ake, ine anandiombera m'manja mwaulemu wa kuno, n'kutuluka. Panatha miyezi iwiri osapondanso pakhomo pathu. Amayi ake ndi amene ankapita ku Aerodrome, n'kubwerako ndi nkhani zosankha.

Unali mwezi wa Okutobala, kutentha kuja kumene ngakhale nkhuku zimayenda kukamwa kuli yasa. Timitsinje tonse tinali mchenga. Lachiwiri nditaweruka, ndikuvula nsapato pakhonde, akazi anga anati:

"Ubatizo uja ndi Lamlungu lino. Ndangoti mudziwe, musadzamvere kwa anthu."

"Akachite. Nanga madzi akawapeza kuti chilimwe chino?"

"Ali nalo dziwe lawo. Amalitcha dziwe losauma. Lili m'munsi mwa thanthwe, uko kumbali ya kuntchito kwanu. Abusa awo akuti konse kumauma koma ilo Mulungu amalisunga."

Nsapato inayo inatsala kuphazi. Limenelo linali dziwe langa la botolo lachitatu. Silinkauma chifukwa tauni yonse ikasamba, ikachapa, ikapita kuchimbudzi, madziwo ankathera mmenemo. Zaka zingapo ndinkapezako mapazi ambiri pamchenga Lolemba m'mawa, ndipo ndinkaganiza kuti ndi ana osambira. N'chifukwa chake ndinkalimbikira za chikwangwani. Sizinandifikepo m'mutu kuti ndi mpingo. Ndipo sabata imeneyo paipi yapambali inali ikuthira kuyambira Lachinayi lapitalo, chifukwa kuwonjezera pa magetsi, pampu imodzi inali itapsa. Dzulo lake lomwelo ndinali nditadonthetsera mankhwala m'botolo la padziwepo, ndipo mtundu unazilala ndisanatseke chivindikiro.

Lachitatu nditaweruka ndinapita ku Aerodrome ndi envulopu yaikulu ya khaki, muli masamba apinki a sabata imeneyo ndi kope langa. Mwana wanga ndinamupeza akuanula zovala pachingwe. Anandipatsa moni, anandibweretsera mpando panja, koma maso ake anali pa envulopu.

"Baba, mapepala enanso?"

"Khala pansi uwerenge. Ndi za dziwe lija."

"Ulendo uja linali khadi. Lero mwabwera ndi chiyani, kalata yochokera kumwamba?"

"Usandiyankhe choncho. Mmuja muli zonyansa, zosadutsa n'komwe m'madamu. Taona apa. Lachinayi, Lachisanu, Loweruka."

Ndinayamba kuwerenga mokweza, tsiku ndi tsiku, ola limene pampu inaima, ndipo ndikudziwa kuti mawu anga anakwera chifukwa mayi wa nyumba yoyandikana anasiya kusesa. Mwanayo anadikira mpaka nditamaliza.

"Anzanga anabatizidwa momwemo chaka chatha, ali bwinobwino. Simunanene kanthu. Lero poti ndine, madzi aipa. Aiwa, Baba. Vuto lanu si madzi."

Anandiperekeza mpaka pamsewu, atandinyamulira envulopu monga mwana amanyamulira katundu wa mlendo, ndipo anandibwezera osaitsegula.

Kunyumba ndinakhuthula mkwiyo wonse kwa amayi ake: ana a masiku ano, masukulu onse aja, munthu kukana kuwerenga pepala lolembedwa bwinobwino. Anandisiya ndilankhule mpaka mawu andithere.

"Mwatha? Ulendo woyamba munam'menya ndi pepala. Ndiye akaona pepala lina m'manja mwanu aganiza chiyani? Zaka zonsezi munam'tengerako kuntchito kwanu ngakhale kamodzi?"

Sindinam'tengereko. Ali wamng'ono ndinkaopa kuti anzake akusukulu azimuseka, ndiye ndinkasamba ndi kusintha zovala ndisanafike kunyumba, ndipo za ntchito sindinkazikamba ana ali pafupi. Iye ankadziwa kuti bambo ake amalemba m'mabuku, basi.

"Ine ndikamuitana, pamodzi ndi abusa akewo," anatero akazi anga. "Koma envulopuyo itsale pano. Ndipo za khadi musazitchule, ngakhale akuputeni."

Lachinayi ndinauza kapitawo kuti mawa masana ndibweretsa alendo kudzaona paipi yapambali. Anavula chipewa n'kuchiika patebulo.

"Mudhara, mukufuna mundichotsetse ntchito? Anthu akaona zimenezo, Lamlungu azilalikira."

"Ndi mwana wanga. Akufuna kum'miza m'dziwe la botolo lachitatu."

Anayang'ana patebulo. Nayenso anali ndi ana aakazi, ndipo zithunzi zawo zinali pansi pa galasi la patebulopo. Kenako anatsegula dirowa ija, anatulutsa mulu wonse wa masamba oyera, n'kuyamba kusaina limodzilimodzi.

"Mawa masana ndidzakhala ku ofesi yaikulu, ndikasiye awa. Buku la alendo lili pageti. Alembemo. Lamulo mukulidziwa kuposa ine."

Lachisanu tinakumana padziwe penipeni, dzuwa lili paliwombo. Mbusayo anali wa zaka ngati za mwana wanga woyamba, wa nsapato zonyezimira, mdzukulu wa anthu a kwathu amene anagwira ntchito m'migodi ya ku Shamva. Anandipatsa moni m'Chichewa chotsimphina koma chaulemu, ndipo ndinam'konda ndisanafune. Mwana wanga anaima patali pang'ono ndi amayi ake, manja atapinda.

Kunena zoona, dziwelo poliyang'ana linali lokongola. Bango lobiriwira, mthunzi wa thanthwe, madzi ali phee, pamene tchire lonse linali lofiira ndi fumbi.

"Mukuona, Sekuru?" anatero mbusayo, kunditchula agogo m'Chishona. "Konse kwauma. Kuno madzi sanathepo."

"Ndaona. Tiyeni tikaone kumene amachokera."

Tinayenda m'mbali mwa kamtsinjeko kulowera kumtunda, ine patsogolo ndi ndodo yanga. Titapitirira bango, mphepo yonunkha inatipeza. Miyala ya m'madzi inayamba kuoneka ndi ndevu zotuwa zoterera. Kenako tizidutswa ta nyuzipepala tokodwa m'mizu, kenako zina zimene sindilemba. Mbusa anatulutsa kampango m'thumba. Titakhota komaliza tinaiona paipi, ikuthira madzi akuda okhuthala, ntchentche zikulira pamwamba pake. Ndinawapitiriza pang'ono kudutsa paipiyo, n'kuima. Pamenepo mtsinje unali mchenga wouma, wotentha, wokhala ndi mapazi a mbuzi. Kumtunda mchenga, kumunsi madzi, pakati paipi.

Mbusa anakhala pa mwala osasamala za buluku lake.

"Ndamiza anthu ambiri mmuja, Sekuru," anatero motsitsa mawu. "Ena okalamba."

"Zaka zapitazo madzi ankayamba adutsa m'madamu. Sanali oyenera, koma sanali awa. Ndipo panali chikwangwani chimene chikanakuuzani. Mlandu si wanu nokha."

Ndinawalowetsa pageti, analemba m'buku la alendo, ndipo ndinawaonetsa zitsulo zosefa, dzenje, mapampu ali zii, ndi madamu anayi mmene amasinthira mtundu. Padamu lomaliza abakha anali kusambira ngati palibe vuto. Pansi pa mtengo wa mthethe panali benchi langa la thabwa limodzi, ndi kapu yanga yachitsulo yokoleka pamsomali. Mwana wanga anaigwira kapuyo.

"Baba, mumadyera pano?"

"Mphepo ikamachokera uku, inde. Ikatembenuka ndimasamukira uko."

Anaseka pang'ono, kenako anatembenukira kumadamu kuti ndisaone nkhope yake.

Potuluka pageti mbusa anati ubatizo uimitsidwa mpaka mvula itagwa ndi mitsinje itadzaza. Ndinaona mapewa a mwana wanga akugwa. Anali atakonzeka, atasala kudya, atasoketsa chovala choyera. Anandiyang'ana kamodzi, osati mokwiya, koma ngati munthu amene wavomera kuti mnzake wapambana. Ndikanangokhala chete, zimene ndinkafuna miyezi iwiri yapitayo zikanachitika zokha, ndipo palibe akanandinena. Amayi ake anali kuyang'ana pansi, koma ndinkadziwa kuti makutu awo ali kwa ine.

"Pali malo ena," ndinatero. "Kumene ndimatunga botolo loyamba nthawi ya chilimwe. Ndi kumtunda, ulendo wa theka la ola, pa mkuyu waukulu. Pali kasupe pansi pa mizu yake. Migodi ili mbali ina ya phiri, ndipo nyumba kulibe. M'makope anga onse sanaumepo."

"Madzi ake ndi akuya bwanji?" anafunsa mbusa.

"Mwezi uno amalekeza m'mawondo."

"Sekuru, ife timamiza munthu yense."

"Ndikudziwa zimene mumachita. Mawa m'mawa mubwere ndi matumba opanda kanthu ndi mafosholo."

Loweruka kunabwera kagulu ka anthu a mpingowo, ambiri amayi, atanyamula matumba akale a feteleza. Tinawadzaza mchenga n'kuwasanja pamene khwawa limapanikizika pakati pa miyala iwiri, mzere pamwamba pa mzere ngati njerwa, ine ndikukalipira aliyense woika thumba mokhota. Amayi ena ankanong'onezana m'Chishona kuti mdala uyu akanakhala mbusa mpingo ukanatha, ndipo ndinawayankha m'Chishona chomwecho kuti ukanathadi, koma khoma likanaima. Mwana wanga ankagwira kukamwa kwa thumba, ine ndikuthira mchenga. Za ubatizo sitinakambe. Tinakamba za mmene amamangira thumba kuti lisamasuke.

Tisanachoke ndinatunga botolo, ndinadonthetsera mankhwala aja, ndinaliimika pa mwala kuti onse aone. Tinadikira. Mtundu unakhala, wa jakaranda weniweni.

"Izi sizikutanthauza kuti ndi akumwa," ndinawauza. "Labotale sinayeze. Ndikungoti ndi madzi otuluka pansi, ndipo paipi yathu ili kumunsi kwawo."

"Amen," anatero mayi wina, ndipo ndinam'siya.

Lamlungu sindinapite kutchalitchi kwathu, koyamba m'zaka zambiri popanda matenda kapena maliro. Ndinalawirira pa mkuyu ndi ndodo. Madzi anali atakwera mpaka m'chiuno, oyera moti masamba a pansi ankaoneka. Anthu atafika akuimba, ine ndinaima pa mwala wanga wotungirapo, amayi ake ali pambali panga atavala nsalu yawo yabwino. Nyimbo zawo sindinkazidziwa. Anabatizidwa ena anayi, mwana wanga anali wachisanu. Atalowa m'madzi, mbusa atam'gwira pamsana n'kukweza dzanja, mawu anandipulumuka ndisanawaganize:

"Utseke pakamwa!"

Mpingo wonse unaseka, ndi mbusa yemwe, ndipo mwanayo analowa pansi pa madzi akumwetulira, milomo atatseka zolimba. Atavuuka anapukuta kumaso n'kuyamba kuyang'ana kumtunda, kudutsa anzake onse omuimbira, mpaka anandipeza.

Lolemba ndinayeza kaye, kenako ndinachotsa matumba aja, chifukwa lamulo sililola kutseka mtsinje popanda chilolezo, ndipo m'kope ndinalemba chifukwa chimene madzi a botolo loyamba anali akuya tsiku limenelo. Masamba oyera amene kapitawo anakasiya sanabweretse dizilo, sanabweretsenso chilango. Yankho lake ndikuliyembekezerabe, ndipo masamba apinki ake ndili nawo. Pampu inakonzedwa mvula itayamba kale. Koma sabata yomweyo anthu a mpingo uja anapita kudziwe losauma ndi chitini cha utoto wofiira, nalemba chenjezo pa thanthwe lenilenilo, m'Chishona ndi m'Chichewa, zilembo zake zooneka uli kumsewu. Ine ndinalemba makalata atatu opempha chikwangwani, osaganizapo kuti thanthwe palibe angalinyamule.

Patapita masabata awiri mwana wanga anabwera kunyumba, anagwada pamalo omwe aja, n'kundipatsa khadi latsopano.

"Sungani ndinu, Baba. Kwanga lingasowe."

Ndinalitembenuza uku ndi uku. "Lilibe chidindo."

"Alibe chidindo, Baba. Mpingo ndi watsopano."

"Ndipo sanalembe malo."

"Ndiye lembani inu. Malowo mukuwadziwa ndinu."

Ine ndimakhulupirirabe kuti ubatizo woyamba uja unakwana, ndipo iye akudziwa kuti ndimatero. Ndinatenga pensulo, ndinalemba kuseri kwa khadilo kuti pa mkuyu, kumtunda kwa paipi, madzi olekeza m'chiuno. Kenako ndinalilumikiza ndi pini ku khadi lakale lija, iye akundigwirira chivindikiro cha bokosi kuti chisandigwere pa zala.